Ndasankha Sukulu ya Esinati Poyang'ana Chimanga

Lolemba, Januwale 1996

Mvula m'mawa. Denga likudontha pamalo amodzi okha. Nyumba ya ku boma imeneyo!

Ndilembe zonse bwinobwino, poti m'nyumba muno mulibe wondifunsa kuti mwaswera bwanji. Mwezi watha ndili kuno ku Chadiza, kumapeto kwa komboni, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda ya eni. Ntchito: mesenjala ku ofesi ya zamalimidwe. Kusesa, kunyamula makalata, kuwiritsa tiyi. Abwana ali ku Chipata ku msonkhano sabata yonse, ndiye mu ofesi tatsala ine ndi mphemvu.

Esinati, mwana wanga mmodzi yekhayo, ali ku Zemba kwa atsibweni ake, alamu anga a Mbewe. Make atamwalira akuchikazi anandisudzula mwaulemu ndithu: mkamwini pita, wamasuka, koma mwana ndi wa mbumba yathu. Sindinakane. Ukakana upita naye kuti?

Tsopano wakhoza giredi 7! Wasankhidwa kulowa giredi 8 pa sukulu ya kumudzi komweko, kumeneko ayamba Lolemba likubwerali, kuno anayamba kale. Ndinawagwira mwendo alamu kuti mwanayo adzaphunzire kuno, azikhala ndi ine. Yankho lawo ndikulikumbuka lonse: "Mukapeza sukulu yoposa yathuyi, mwana mutenge. Ndibwera Lamulungu kudzaiona ndi maso anga. Ikapanda kundigwira mtima, nkhaniyi musadzaiyambitsenso."

Zochita sabata ino:
- kuyendera sukulu zitatu za pafupi zokhala ndi giredi 8
- kusankha yamphamvu
- kugula mphasa yachiwiri ndi mbale yachiwiri
- kuphunzira kuphika nyemba osapsereza

Anthu a kuno amasankha sukulu poona yunifolomu ndi penti. Umbuli! Ine ndili ndi njira yanga. Sukulu iliyonse ili ndi munda wake, ndipo ine ndikayang'ana mundawo. Ahedi olekerera udzu m'munda angasamale bwanji mwana wa munthu? Ndalima moyo wanga wonse, panopa ndikugwira ntchito ku zamalimidwe kwenikweni. Pa chimanga palibe angandinamize.

Wailesi yatha mabatire. Ndikuiyika patebulo pomwepo, ndiye kuti tilipo awiri.

Lachiwiri

Sukulu yoyamba, ya kuseri kwa msika.

Phokoso! Ndikulimva ndisanafike n'komwe pageti. Kalasi ino akuwerengera limodzi mokweza, kalasi inayo akukangana za masamu, uko mphunzitsi akufuula Chingerezi ngati akuthamangitsa ng'ombe m'dimba. Mawindo alibe magalasi. Ana ena akhala pa njerwa.

Ahedi ndi mayi, woonda, manja mbuu ndi choko. Mu ofesi mulibe munthu, atuluka m'kalasi kudzandiona. Ahedi ophunzitsa okha! Ulemu wa udindo uli kuti?

Akuti: "Malo a giredi 8 atsala awiri, bambo. Ngati mukufuna, lembetsani lero lomwe."

Ine ndikuti ndione kaye munda. Akundiyang'ana ngati ndapempha kuona chimbudzi, koma akundilozera.

Zimene ndapeza:
- chimanga chachikasu, chofika m'mawondo
- mizere yokhotakhota ngati inalimidwa ndi woledzera
- kaufiti ponseponse, maluwa ake psuu
- mbuzi imodzi, ikudya mosaopa aliyense

Mtima wandipweteka. Ndabwerera kwa ahedi aja ndi kaufiti m'manja, ndawafotokozera modekha kuipa kwake, kazulidwe kake, ndi kuti ndimagwira ntchito ku zamalimidwe. Amvetsera akuyang'ana kuchitseko cha kalasi yawo. Kenako akuti: "Kumunda ana amapita Lachisanu masana pokha, bambo. Nthawi ina yonse ali m'kalasi." Akunena opanda ndi manyazi omwe! Ndawathokoza, ndatuluka. Mwana wanga sangaphunzire pamalo pamene mbuzi ikulamulira.

Masana sukulu yachiwiri, ya mishoni. Yaukhondo, maluwa pakhomo, munda wapakatikati. Malo anadzaza kale. Komanso akufuna kalata ya akulu a mpingo. Mlembi akundifunsa kuti ndimapemphera kuti. Ndikutchula mpingo wa ku Zemba. Akufunsa kuti ndinalowamo liti komaliza. Ndikuti tsiku la maliro a mkazi wanga. Tonse tikuyang'ana pansi, kenako ndikutsanzika.

Madzulo anaPhiri, oyandikana nawo nyumba, ogulitsa vitumbuwa, akuyankhula kudzera pampanda: "Ana anga onse anaphunzira kuseri kwa msika kuja, wina ndi nesi ku Chipata." Mwayi chabe umenewo. Koma ndi munthu woyamba kundiyankhula zopitirira moni chibwerere kuno, ndiye ndagula vitumbuwa ndisakuvifuna.

Nyemba zapserera.

Lachitatu

NDAIPEZA!

Sukulu yachitatu, kutsidya kwa kamtsinje. Ndawoloka nsapato zili m'manja, ndakwera kamtunda, basi ndaima chilili.

Chimanga, abale! Chobiriwira mpaka kuda bii. Chandipitirira msinkhu, Januwale yemweyu. Mizere yowongoka ngati anakoka chingwe. Phando ndi phando mpata wofanana. Udzu ukufuna uchite kuufunafuna. Kumunsi mtedza, kuseri mpendadzuwa, m'mbali maungu. Ngakhale pa chithunzi chopachika mu ofesi mwathu palibe munda wotere. Ndavula chipewa ndekha.

Ndipo ana! Dzuwa lisanakwere n'komwe, sukulu yonse ili m'munda, makasu m'mwamba, makasu pansi, aphunzitsi ali pamthunzi kuyang'anira. Khama lotere silipezeka masiku ano.

Ku makalasi kuli zii. Palibe phokoso ngakhale la mwana mmodzi. Umenewu ndiye mwambo! Ahedi a dzulo aja abwere adzaone.

Ahedi a kuno ndi bambo wonenepa bwino, wovala magambuti, wosekaseka. Andilandirira pakati pa munda. Takambirana za feteleza, za mbewu ya haibulidi, za kubandira. Akumva zonse! Atamva kuti ndine wa ku zamalimidwe andigwira dzanja ndi manja awiri, akunditchula kuti abwana. Chibwerere kuno palibe ananditchulapo choncho.

Malo alipo, akutero, koma pali dongosolo lake. Mwana wa giredi 8 abwere ndi:
- khasu lake
- chikwakwa
- thumba lopanda kanthu
- yunifolomu, ikapezeka

Komanso kholo lizionetsa kuti nkhaniyi laiikapo mtima: tsiku limodzi lopalira pamodzi ndi ana. "Sitilandira ana a makolo aulesi," akutero. Mawu anzeru! Ndavomera mawa lomwe.

Pobwerera ndadzera pamsika: mphasa, mbale ya malata yamaluwa ofiira, khasu laling'ono la mpini wosalala. Mphasa ndaiyala mbali ya kuwindo kumene sikudontha. Ndakhalapo pang'ono kuyesa ngati munthu angawerenge bwino pamenepo. Kuwala kulipo.

Ndawauza anaPhiri kuti mwana wanga akubwera. Afunsa sukulu, ndawauza. Angoti, "Ooo, kuja," n'kubwerera ku mafuta awo. Nsanje.

Lachinayi

Msana! Mayo ine, msana!

Mwezi umodzi wowiritsa tiyi wandisandutsa nkhalamba. Andipatsa mzere pakati pa a giredi 9. Atsikana akundisiya kumbuyo ngati ndaima. Manja awo ndi olimba kuposa anga. Ndikunyadira m'malo mwa makolo awo.

Belu lawo ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pamtengo wa mango. Lalira. Ndikuganiza kuti ndiye alowa m'kalasi, nane ndipume. Ayi, tikuchoka ku chimanga kupita ku mtedza. Lalira kachiwiri: kuchoka ku mtedza kupita ku mpendadzuwa. Kusunga nthawi kwake n'kodabwitsa.

Masana mvula yabwera mwadzidzidzi, tonse thawire m'makalasi. Ndalowa mu giredi 8, mmene mudzakhale Esinati.

Zili mkatimo:
- matumba a feteleza, osanjidwa bwino pa madesiki kuti asanyowe
- makasu pakona
- sikelo
- nkhuku yofungatira pansi pa tebulo la aphunzitsi

Pa bolodi pali samu ya magawo, yosamaliza, ndipo pamwamba palembedwa Novembala chaka chatha. Iyenera kuti inali samu yofunika kwambiri, n'chifukwa chake sanaifufute.

Ana akhala pa matumba, akuyang'ana mvula. Palibe watulutsa buku. Mwina akuopa kuti anyowa. Mphunzitsi mmodzi walowa, ndikudzikonza kuti ndimve phunziro. Watenga sikelo, watuluka.

Pali kanthu kakundikanda mumtima, koma ndikuganiza kuti ndi njala.

Ahedi andiyamikira pamaso pa ana onse. Andipatsa maungu awiri. Mawa ndikatenge kalata ya malo.

Kunyumba ndalephera kuwerama kuti ndikoleze moto. Ndadya vitumbuwa va Lachiwiri, ndili chiimire. Matuza m'manja. Bwenzi make Esinati akundiseka, kenako akunditenthetsera madzi. Ndaiuza wailesi za munda uja, sinatsutse.

Lachisanu

Sindikudziwa poyambira.

M'mawa kwa ahedi a magambuti. Kalata ya malo ali nayo kale, yodinda chidindo. Ndikuigwira ngati dzira. Tikucheza.

Mafunso awo okhudza Esinati: Ndi wamkulu thupi? Amadwaladwala? Thumba la feteleza angalisenze yekha kapena mpaka awiri? Za mayeso ake sanafunse. Ndayamba ndekha kuwauza kuti anakhoza bwino masamu. Akuti, "Zabwino, adzatithandiza pa sikelo."

Kenako afunsa kumene akuchokera. Ndikuti ku Zemba, ndikutchula sukulu yake.

Nkhope yawo yawala. "Aaa, kumeneko! Ana anga awiri ali komweko, amakhala kwa azakhali awo. Kuja amaphunzitsa, abwana. Aphunzitsi ake sachoka m'kalasi."

Ndikufunsa kuti nanga bwanji ana awo sali pano.

Aseka mpaka kugwira mimba. "Pano? Ndi munda wonsewu, aphunzira nthawi yanji?"

Ndaseka nawo. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndatsanzika mwaulemu, ndatsika kamtunda, ndawoloka kamtsinje nsapato zili kuphazi.

Zii uja! Belu lija! Novembala uja! Ine mwana wa mlimi, wa ku zamalimidwe, ndinaona ana mazana ali m'munda nthawi ya sukulu n'kuvula chipewa. Chitsiru chenicheni, chovala jekete.

Liwiro kupita kuseri kwa msika. Ndafika masana, thukuta kamukamu, matope mpaka m'mawondo. Lachisanu masana: ana ali kumunda wawo wachikasu uja, akupalira mwaulesi, ena buku lili m'thumba la siketi. Ahedi aakazi aja ali pomwepo, manja akadali mbuu.

Ndavula chipewa. Ndapepesa. Ndafunsa za malo awiri aja.

"Anatha Lachiwiri lomwelo, bambo, inu mutangotuluka." Sakunena mwankhanza ayi. Akuti m'kalasimo ana akukhala kale atatu pa desiki ya awiri, sangawonjezere ngakhale wochepa thupi. Ndachonderera, ndanena za make, za alamu, za Lamulungu. Amvetsera zonse, ulendo uno osayang'ana kuchitseko. Akuti ndiyesenso chaka chamawa wina akasiya.

Potsanzikana akuti: "Kaufiti uja akadalipo, ngati muli ndi nthawi."

Ndazula pang'ono. Ndikanatani?

Loweruka

Sindinatuluke m'mawa wonse.

Zili m'nyumba muno:
- kalata ya malo, yodinda
- mphasa yatsopano
- mbale yamaluwa
- khasu laling'ono
- maungu awiri
- ine

Ganizo labwera ndikusesa, ndipo lakana kuchoka. Mawa ndi Lamulungu. Ku sukulu kuja sikudzakhala mwana, sikudzakhala belu, ahedi adzakhala ku tchalitchi. Kudzakhala chimanga chokha. Ndipo alamu anga a Mbewe ndi mlimi kuposa ine. Akadzangoona mizere ija, atha. Ine sindidzanama ayi. Ndidzangowatengera kumunda n'kutseka pakamwa.

Kodi n'kulakwa? Mwana ndi wanga. Masamu ndingamamuphunzitse ndekha madzulo, mpaka pamene ndinalekezera ine, giredi 5. Kulima si tchimo. Adzakhala wamphamvu. Chaka chamawa ndidzamusamutsira kuseri kwa msika, wina akasiya. Ngati wina adzasiye.

Ndatopa ndi kudya ndekha. Ndilembe poyera, palibe awerenge. Ndatopa ndi kubwera kuchokera ku ntchito n'kupeza chitseko chili mmene ndinachisiyira, kapu ili pamene ndinaisiya. Ndikufuna munthu woti asunthe kapu.

Ndatsimikiza: nditseka pakamwa.

Masana ndachapa nsalu ya pawindo, ndamata podontha paja ndi phula, ndaphika nyemba zoyeserera. Sizinapserere! Ndawapatsa anaPhiri kuti alawe. Akuti mchere wachepa. Kenako akuti, "Mwanayo mukumupititsadi kuja?" Ndayankha za mchere.

Vuto ndi make Esinati. Munthu anapita, koma sakundisiya. Iye sankadziwa kuwerenga ngakhale dzina lake, koma tsiku lililonse mwana akaweruka ankamulanda makope, n'kumatsegula tsamba ndi tsamba, nthawi zina chadodolido, kufunafuna zochonga zofiira za aphunzitsi. Akapeza tsamba lopanda chofiira, mlandu: lero mwaphunzira chiyani? Kumunda ankapita yekha kuti mwana asajombe. Ine ndinkadandaula kuti tikuchedwa kupalira, iye ankangoti, "Khasu ndagwira ine, lakwana."

Khasu laling'ono lija ndalibisa kuseri kwa chitseko. Likuonekabe.

Lamulungu

Afika dzuwa litakwera, pa njinga. Alamu kutsogolo, Esinati pa kaliyala. Sindinayembekeze kuti abwera naye. Watalika! Wandigwadira pakhomo, "Muli bwanji atate," ine ndangomugwira mutu. Abwera ndi katundu wake yense womanga m'chitenje cha make, ndi thadzi lamoyo la mphatso. Makope ake ali m'pepala la shuga, wawakumbatira pachifuwa kuopa mvula.

Alamu akuti: "Ndabwera naye kuti ikakhala yabwino ndisayende kawiri."

Tapita kutsidya. Monga ndinaganizira: zii, chimanga chokha chikugwedezeka. Alamu aima pamene ndinaima ine. Avula chipewa. Alowa mumzere, apima mpata ndi phazi, afukula dothi, anunkhiza. Atuluka maso ali gwa.

"Alamu, mwapambana. Kwathu kulibe zotere. Mwana mutenge."

Basi, zatheka. Mwana ndi wanga. Pakamwa ndatseka ndithu, mano ndaluma.

Esinati sanapite kumunda. Ali pawindo la giredi 8, wanyanyamphira, makope ali pachifuwa. Akuyang'ana bolodi, milomo ikuyenda. Watembenuka akumwetulira: "Atate, samu iyo yankho lake ndi theka. Koma bwanji kuno akadali mu Novembala?"

Pakamwa patseguka pokha.

Ndanena zonse. Belu, matumba pa madesiki, sikelo, ana a ahedi amene ali ku Zemba. Ndanenanso za malo awiri amene ndinawakana chifukwa cha kaufiti. Ndawaonetsa matuza. Ndawauza kuti sukulu yoposa ya kwawo sindinaipeze, mwana abwerere.

Alamu akuyang'ana chimanga, chikuwawawa kuchisiya. Kenako akuti: "Mukanakhala chete, ine sindikanadziwa."

Ndikudziwa, alamu. Ndikudziwa bwino lomwe.

Tadya kunyumba. Esinati wadyera m'mbale yamaluwa. Akuti nyemba zili bwino, wathira mchere mobisa. Wasesa m'nyumba mosesedwa kale, wasuntha tebulo, wapachika kapu pamsomali. Sanalire. Ine ndinatuluka kawiri kukaona ngati njinga ili bwino.

Pomanga katundu alamu akuti, osandiyang'ana: "Holide ya Epulo abwera adzakhale kuno. Yonse." Nkhani ya sukulu sitidzaiyambitsanso, monga tinapanganira. Khasu laling'ono atenga iwo, akuti mpini wake ndi wabwino. Maungu ndawapatsanso.

Ndawaperekeza mpaka pamene nyumba zimathera. Esinati wakweza pepala la shuga lija m'mwamba kunditsanzika, mpaka njinga yakhota.

Pobwerera anaPhiri andipatsa uthenga: ahedi a magambuti anatuma munthu, akuti mtedza watsala pang'ono, ngati abwana ali ndi mpata Lachiwiri.

Mawa abwana enieni abwera, tiyi wa m'mawa. Ndigule mabatire.

Kapu ndaisiya pamsomali pomwepo. Mphasa yachiwiri sindinaipinde. Thadzi lija lalowa lokha, lazungulira, lakhala pakati penipeni pa mphasayo. Ndaliuza kuti lisazolowere, malowo ali ndi mwini wake, abwera mu Epulo.